Mwana Akabadwa ndi Msana Wokhota, Wolakwa Ndani?

Mwana akabadwa ndi chilema, achibale ambiri amayamba ndi kufufuza wolakwa asanafunse za thandizo. Ena amaloza mayi kuti anaphwanya mwambo ali woyembekezera, ena amati ndi za kumtundu kwa mkazi, ena amathamangira ku ufiti. Kodi ndi chilungamo kusenzetsa munthu mlandu pa chinthu chimene sanachidziwe, ndiponso sanachisankhe?

Nkhani ya jini ina yotchedwa LFNG ingathandize pa funsoli. Jini imeneyi siikhudzana ndi majini a mizimu: ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo a momwe thupi liumbikire. LFNG ili pa kromozomu ya nambala 7, ndipo imapanga enzaimu imene imamata kashuga pa puloteni yotchedwa Notch. Kudzera mu Notch, maselo oyandikana a mwana amene angoyamba kuumbika amatumizirana uthenga. Chakumapeto kwa sabata yachitatu mayi atatenga pakati, maselo ena amayamba kudulika m'timagulu tofanana, tiwiritiwiri, kuchokera chakumutu kutsika m'munsi. Timaguluto ndi timene timadzasanduka mafupa a msana ndi nthiti. Enzaimu ya LFNG imathandiza kuti kudulikako kuchitike pa nthawi yake ndiponso pamalo pake.

Mu 2006, ofufuza a ku Sydney m'dziko la Australia anasonyeza kuti jiniyi ikasokonekera, mwana amabadwa ndi mafupa a msana osaumbika bwino, msana wokhota ndi thunthu lalifupi. Vutoli ndi losowa, ndipo limaoneka pokhapokha mwana akalandira jini yosokonekera kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolowo amakhala athanzi, osadziwa chimene anyamula m'thupi mwawo. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mpata woti mwana abadwe ndi vutoli ndi umodzi pa inayi.

Mfundo ziwiri zikuoneka poyera. Msana umayalidwa pa nthawi imene amayi ambiri asanazindikire nkomwe kuti aima. Ndipo gawo la bambo ndi lofanana ndendende ndi la mayi. Mwamuna wothamangitsa mkazi chifukwa cha mwana wotere akumulanga pa chinthu chimene iyenso ali nacho.

Wina angafunse ngati zikutanthauza kuti makolo alibe udindo uliwonse. Udindo ulipo pamene pali kudziwa ndi kusankha. Mowa umavulaza mwana ali m'mimba, ndipo folic acid, mayi akayamba kumwa asanaime, amachepetsa zilema zina za msana. Pa zimenezi banja lingachitepo kanthu. Koma jini imene munthu analandira kwa makolo ake sanaipemphe, ndipo sangaisinthe ndi khalidwe labwino kapena loipa. Kumuimba mlandu pa zotere ndi kusokoneza tsoka ndi kulakwa.

Chimene anthu angafunsidwe nacho mlandu chimayamba mwanayo akabadwa: ngati anamutengera kuchipatala msanga kapena anamubisa m'nyumba, ngati anamulembetsa sukulu, ngati bambo anakhala kapena anathawa, ngati anansi amamuitana dzina lake kapena dzina la chilema chake. Zonsezi ndi zosankha za anthu amene akudziwa zimene akuchita.