KODI GULU LONSE LILANGIDWE PA COLAKWA CA OWERENGEKA?

M'dziko la United States of America, m'sukulu zazikulu zochedwa makoleji, muli zigwirizano za ophunzira akazi zimene eni ace amazicha sorority, ndiko kunena ubale wa akazi. Zigwirizano izi nzakale ndithu. Cina cochedwa Alpha Delta Pi cinayamba m'caka ca 1851 ku Macon, m'cigawo ca Georgia. Ndipo Alpha Kappa Alpha, coyamba ca akazi akuda, cinayamba m'caka ca 1908 pa Howard University. Zigwirizano zambiri ziri ndi malikulu ao, ndi nthambi zao m'makoleji ambiri. Kawiri kawiri asungwana a nthambi imodzi amagona m'nyumba imodzi, nadyera pamodzi, nathandizana pa maphunziro ndi pa nchito zacifundo.

Koma pakhomo pa ubale wokomawo pamakhala nthawi zina mwambo woipa umene amaucha hazing. Msungwana wofuna kulowa amayesedwa ndi amene analowa kale. Amammwetsa mowa waukali, amammana tulo, amamnyoza pamaso pa anzace, kapena kummenya kumene. Akapirira zonsezi, pamenepo ayesedwa mbale. M'caka ca 2008 aphunzitsi awiri a pa University of Maine, Elizabeth Allan ndi Mary Madden, anafalitsa zimene anapeza atafunsa ophunzira oposa 11,000 m'makoleji 53. Mwa ophunzira 100 ali onse a m'zigwirizano zotere, za amuna ndi za akazi zomwe, 73 anali atapyola m'mazunzo a mtundu uwu. Ndipo mwa iwo amene anazindikira kuti anazunzidwa, 95 mwa 100 sanakanene kwa akulu a sukulu.

Cifukwa cace makoleji ndi malikulu a zigwirizano anaika malamulo. Nthambi yopezeka ndi mlandu waung'ono imacenjezedwa. Mlandu ukakula imaletsedwa kucita mapwando ndi kulandira atsopano. Ukakulitsa imaimitsidwa zaka zingapo, kapena kulandidwa kalata yace ya cilolezo, dzina lace nilifafanizidwa pa koleji. Boma nalonso linalowapo: m'December 2024 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo lochedwa Stop Campus Hazing Act, lokakamiza makoleji kulengeza poyera maina a magulu opezeka ndi mlandu uwu. Lamulolo linenanso kuti mazunzo akhalabe mazunzo ngakhale wozunzidwayo anabvomera yekha. Pakuti mlendo woopa kukanidwa abvomera ndi pakamwa cimene mtima wace ukana.

Tsono funso lobvuta nali. Wowerenga ayerekeze nthambi ya asungwana 80, mmene asanu okha ndiwo anazunza mlendo usiku wina. Koleji itseka nthambi yonse, ndipo otsala 75 ataya nyumba yao ndi ubale wao, osakweza dzanja pa munthu. Kodi ici ncilungamo?

Amene akana ali ndi mau olemera. Iwo ati munthu ali yense asenze mlandu wace, ndipo mau akale akuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ayenera nsomba, osati anthu. Atinso cilango ca gulu lonse cimatseka pakamwa pa mboni. Pakuti msungwana wodziwa kuti mau ace adzapasula nyumba ya anzace onse, ndi kumdanitsa nao, adzasankha kukhala cete. Ndipo akumbutsa kuti m'caka ca 1990 zigwirizano zazikulu za ophunzira akuda zinaletsa nyengo yoyesa olowa, koma m'nthambi zina mwambowo unangobisala, nucitika usiku kumene kulibe woona.

Mau awa ngoona, koma safika pa muzu wa nkhani. Asanu aja sanapeke mwambowo m'mitu mwao. Anaulandira caka catha pamene iwo eni anali alendo, kwa ena amene anaulandiranso kwa ena. Akacotsedwa asanuwo, caka camawa padzaimirira asanu ena, cifukwa mwambo sukhala m'manja mwa womenya yekha. Ukhalanso mwa uja anagula mowa, mwa uja analonda pakhomo, mwa uja anamva kulira natseka citseko ca cipinda cace, ndi mwa uja anafunsidwa ndi akulu m'mawa mwace nati sadziwa kanthu. Cinthu cocitika caka ndi caka m'nyumba imodzi sicingabisike kwa onse okhalamo. Ndiponso nthambi ikacita zabwino, onse 80 amakondwera ndi ulemu wace, ngakhale iwo amene sanagwireko nchito. Gulu logawana ulemu silingakane kugawana manyazi.

Komabe cilungamo cifuna kuti zilango ziwiri zisasokonezeke. Cilango ca munthu, monga kucotsedwa sukulu kapena kuponyedwa m'ndende, cigwere iye yekha amene mlandu wamtsata ndi umboni. Cilango ca gulu cikhudze zinthu za gulu zokha: dzina, nyumba, ndi cilolezo colandira ana a eni. Cilolezo cimeneco ncobwereka. Koleji inacipereka pa pangano lakuti alendo adzasungidwa bwino, ndipo pangano likasweka mwini atenganso cace. Wosalakwa pakati pa 75 aja amva kuwawa ndithu, koma maphunziro ace ndi mbiri yace zitsala zamphumphu.

Nanga za kutseka pakamwa pa mboni? Apa lamulo labwino liyenera kusiya khomo lotseguka. M'February 2017 mnyamata wa zaka 19, Timothy Piazza, anagwa pa makwerero a nyumba ya cigwirizano ca amuna pa Pennsylvania State University atammwetsa mowa wambiri. Anzace analola maola pafupi 12 kupita asanaitane thandizo, ndipo mnyamatayo anamwalira. Lamulo la cigawo ca Pennsylvania la m'caka ca 2018, lochedwa ndi dzina lace, limanga zigwirizano za amuna ndi za akazi cimodzimodzi. Liika cilango cofika zaka 7 m'ndende pamene mazunzo abvulaza kwambiri kapena kupha, ndipo lilola kulipiritsa gulu lenilenilo. Koma limasula woyamba kuitana thandizo, akachula dzina lace ndi kukhala pambali pa wobvulalayo kufikira thandizo litafika. Nzeru yomweyo iyenera makoleji poweruza nthambi: yodziulula yokha ipepukidwe, yobisa ilemeredwe. Pamenepo kunena zoona kudzakhala njira yopulumutsira nyumba, ndipo mboni sidzayesedwanso mdani wa anzace.

Cotero kulanga gulu lonse nkolungama, malinga cilangoco cisapitirire zinthu za gulu, ndipo wonena zoona apeze pothawira. Mlandu waukulu m'nkhani iyi suli pa womenya yekha, pakuti iye aoneka msanga, ndipo malamulo amdziwa. Ulinso pa msungwana uja woimirira pakhomo, amene sanamenye munthu, koma anaona zonse. Iye akumbukire kuti wogona pansiyo anadza kudzafuna abale, ndipo makolo ace anamtumiza kutali akukhulupirira kuti ali pakati pa anthu.