Ngongole ya Mlendo wa Sabata Imodzi

Chaka chilichonse, m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, chisanu chikatha mitengo n'kuyamba kuphuka, mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America amatsekera kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ophunzira ena amapita kwawo, ena amangogona. Ambiri amabereka kachikwama kumsana n'kukwera ndege yotsika mtengo kapena basi ya usiku, ulendo wokaona mizinda yakale. Njira imodzi yotchuka ndi ya ku Portugal ndi Spain: masiku anayi ku Lisbon, atatu ku Seville, kenako kubwerera m'kalasi foni itadzaza zithunzi. Pakati pa apaulendowa pamapezekanso mwana wa ku Lusaka, Harare kapena Lilongwe amene anapeza mwayi wa maphunziro kunjako. Funso langa likukhudza onsewa. Munthu akafika mumzinda wokongola, umene kukongola kwake kunalipiridwa ndi masautso a anthu ena, amakhala ndi ngongole yanji? Nanga ngongole yoteroyo ingabwezedwe m'masiku asanu ndi awiri?

Tiyambe ndi dera la Belém, m'mphepete mwa mtsinje wa Tagus, kumene pafupifupi mlendo aliyense wa ku Lisbon amafika. Kumeneko kuli nyumba ya amonke ya Jerónimos, imene Mfumu Manuel I inayamba kumanga mu 1501. Miyala yake inasemedwa ngati zingwe za ngalawa ndi masamba, ndipo dzuwa la masana likaiwomba imaoneka yofewa ngati phula. Ndalama zambiri zomangira zinachokera ku msonkho wa katundu wobwera kuchokera ku Africa ndi ku Asia, makamaka tsabola. Mkati mwa tchalitchi muli manda a Vasco da Gama, amene ngalawa zake zinakocheza pa chilumba cha Mozambique mu Malichi 1498.

Ukadutsa msewu umafika pa chipilala cha Padrão dos Descobrimentos, chotalika mamita oposa 50, chimene boma la Salazar linamanga mu 1960 pokumbukira kuti patha zaka 500 chimwalirire mwana wa mfumu, Henrique. Henrique yemweyo analipo ku Lagos, kummwera kwa Portugal, mu Ogasiti 1444, pamene anthu oposa 200 ogwidwa kugombe la Africa anagawidwa ngati ziweto, ndipo iye anatenga gawo lake. Pansi, kutsogolo kwa chipilalacho, pali mapu aakulu a dziko lonse oyalidwa ndi miyala, pamene alendo amakonda kuima n'kuloza kwawo ndi phazi. Mapuwo anali mphatso ya boma la South Africa, m'chaka chomwecho cha 1960 chimene apolisi ake anapha anthu 69 ku Sharpeville. Nthawi imeneyo anthu a ku Mozambique anali akugwirabe chibalo. Zonsezi zili pamtunda woti munthu n'kuuyenda mphindi khumi, ayisikilimu ali kumanja.

Mayankho awiri amabwera msanga, ndipo onse ali ndi mbali yoona. Loyamba limati zakale n'zakale. Ozunza ndi ozunzidwa onse anafa, wophunzira wa zaka makumi awiri sanagulitse munthu, choncho asiyidwe asangalale. N'zoona kuti mlandu wa munthu sugwera mlendo wobwera patapita zaka 500. Koma chipilala sichinamangidwe kuti chilankhule ndi akufa. Chinamangidwa kuti chiuze amoyo nkhani, ndipo chimaiuza m'njira imene omanga anasankha: ngwazi zili pamwamba, ogwidwa palibe. Amene amajambula chipilalacho n'kutumiza chithunzi kwa anzake wathandiza kufalitsa nkhaniyo momwe ilili. Mlandu wa mu 1444 si wake, koma mawu amene akuwanyamula lero ndi ake.

Yankho lachiwiri limati munthu wachikumbumtima sangasangalale ndi malo oterewa. Awadutse ndi nkhope yokwinya kapena asapiteko n'komwe. Ili limaoneka laulemu, koma limalanda kanthu kwa anthu osalakwa. Anasema miyala ya Jerónimos si mfumu. Anali amisiri amene mayina a ambiri a iwo anaiwalika, ndipo luso la manja awo ndi lenileni ngakhale malipiro awo anachokera m'thumba lodetsedwa. Komanso tikatsata lamulo limeneli mpaka pamapeto, sitidzapeza mzinda wakale woti tiuone. Ku Zanzibar, tchalitchi chachikulu cha Anglican chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Ku Nkhotakota, gombe limene asodzi amayanikapo usipa ndi lomwe a Jumbe ankakwezerapo akapolo m'zombo zowolokera tsidya lina la nyanja. Sindikunena izi kuti milandu ifafanizane. Ndikunena kuti kukongola ndi nkhanza zakhala zikugona nyumba imodzi kulikonse, kwathu komwe, ndipo munthu wamkulu ayenera kuphunzira kuona zonse ziwiri popanda kutseka diso limodzi.

Ku Seville wophunzira wathu akakumana ndi phunziro lina. Tchuthi chake nthawi zambiri chimagwera m'Sabata Loyera, pamene magulu a akhristu amayenda m'misewu atanyamula mafano olemera a Yesu ndi Maria. Oyendawo amavala mikanjo yaitali ndi zipewa zosongoka zophimba nkhope, zongosiya timabowo ta maso. Mlendo amene anaonapo zithunzi za Ku Klux Klan mtima umamugunda, makamaka mikanjoyo ikakhala yoyera. Komatu zipewazi ndi chizindikiro cha kulapa, ndipo zinkavalidwa kalekale gulu la Klan lisanayambe mu 1865. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti limodzi mwa magulu ovala zoyera, limene limayenda Lachinayi Loyera, limatchedwa Los Negritos. Chiyambi chake chili chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pamene Arkibishopu Gonzalo de Mena anakhazikitsa nyumba yosamalira anthu akuda a mumzindamo, ndipo kwa zaka mazana angapo linali gulu la anthu akuda, akapolo ndi mfulu, lowateteza ndi kuwaika m'manda mwaulemu. Lero ambiri mwa mamembala ake ndi azungu. Mlendo wothamanga angakwiyire chinthu chokhacho mumsewumo chimene chikukumbutsa kuti anthu akuda anakhala m'Seville, anapemphera, ndipo anasonkherana. Ndiye kuti mkwiyo nawonso umatha kukhala wakhungu ngati chisangalalo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndi chinthu chimene ulendo wa sabata imodzi umasowa kwambiri.

Pantchito yomasulira ndimaona kuti Chichewa chilibe liwu limodzi lotanthauza kuyendera malo pofuna kungowaona basi. Timati kukaona malo, koma khutu limamva kuti chiganizocho chaperewera, chifukwa kwathu munthu amakaona anthu. Timakaona agogo, timakazonda wodwala, timakapepesa maliro, timakacheza kwa anansi. Mawu onsewa ali ndi munthu kumapeto kwake, ndipo lililonse lili ndi khalidwe lake: wopita kumaliro saseka pakhomo, wozonda matenda sapita chimanjamanja. Liwu lakuti mlendo nalonso limanyamula zambiri. Limatchula wapaulendo, wosadziwika, ndiponso munthu amene tamulandira m'nyumba. Sitisiyanitsa atatuwa, ngati kuti chinenerocho chikukana zoti munthu angadutse pamudzi osakhala pa ubale uliwonse ndi eni ake. Sindikuti chinenero chathu ndi chanzeru kuposa zina, pakuti nafenso timathamangira kunyanja pa Khirisimasi n'kusiya mabotolo pamchenga. Koma mawuwa akutipatsa funso labwino loti wapaulendo adzifunse pachipata cha mzinda uliwonse: ndabwera kudzaona yani?

Yankho limodzi ndi lakuti wabwera kudzaona akufa amene alibe chipilala. M'katikati mwa Lisbon muli msewu wotchedwa Rua do Poço dos Negros. Mu 1515 Mfumu Manuel I, yemwe uja wa Jerónimos, inalamula kuti akumbe dzenje loponyamo mitembo ya akapolo imene inkangotayidwa poyera, ndipo anthu ambiri amagwirizanitsa dzina la msewuwu ndi dzenje limenelo. Cha m'ma 1550, pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse mu Lisbon anali kapolo. Lero mumsewumo muli malo omwera khofi ndipo tiramu imadutsa. Munthu amene akudziwa zimenezi amayendamo mosiyana, monga momwe timachepetsera mawu tikamadutsa pamanda ngakhale a mudzi wa eni. Akufa sapindula kanthu ndi kuchepetsa mawu kwathu. Timatero posunga khalidwe limene tikufuna kuti lidzatisunge ifenso.

Yankho lina ndi lakuti wabwera pakati pa amoyo, ndipo apa ngongole ndi yeniyeni, ya lero. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwambiwu umalangiza mwininyumba kupirira. Koma unapekedwa poganizira mlendo mmodzi. Mame a anthu mamiliyoni ndi chigumula. Ku Alfama, dera lakale la Lisbon, nyumba zambiri zinasanduka zogona alendo a masiku awiri, lendi inakwera, ndipo mabanja amene anakhalamo mibadwomibadwo anasamuka. Tiramu nambala 28, imene nkhalamba zinkakwera popita kumsika, imadzaza ndi ojambula zithunzi. Ambiri mwa amene amayala mabedi ndi kutsuka mbale m'mahotela ndi ochokera ku Cape Verde, Angola, Guinea-Bissau ndi Brazil, amene amalawirira mbandakucha pa sitima kuchokera m'madera akunja kwa mzinda monga Amadora. Wophunzira sangakonze msika wa nyumba wa dziko la eni. Angathe kusankha kumene agone, kusiyira mpando mayi wonyamula zogula, ndi kupatsa moni munthu amene akukolopa pakhonde pamene iye akudutsa.

Wina angatsutse kuti ndikusenzetsa mwana katundu wolemera. Wawerenga miyezi itatu osapuma, wasunga ndalama movutikira, ndipo ngati ali ndi pasipoti ya ku Africa kuno koma akuphunzira ku Britain, walipiranso mayuro 90 a visa ya Schengen, pamene mnzake wa m'kalasi amangonyamuka. N'chifukwa chiyani iyeyo ndiye asenze mbiri, mnzakeyo akudya makeke? Kutsutsa kumeneku n'komveka. Kungakhale kupanda chilungamo kwachiwiri ngati mdzukulu wa ogwira chibalo ndiye aletsedwe kukondwa mu Lisbon. Ngongole ya kudziwa ndi ya alendo onse, ndipo kwenikweni imalemera kwambiri pa amene sanakakamizidwepo kuiganizira. Ndiponso kudziwa sikuchotsa kukoma. Makeke a mazira a ku Belém, amene akhala akugulitsidwa pafupi ndi Jerónimos kuyambira mu 1837, amakomabe ngakhale ukudziwa kuti kukonda shuga kwa Apwitikizi kunakulira pa minda ya nzimbe ya ku Madeira, São Tomé ndi Brazil, yolimidwa ndi akapolo. Pamaliro pomwe timadya nsima, ndipo palibe amene amati tanyoza malemu. Chonyoza n'kudya osafunsa kuti wamwalira ndani.

Choncho ngongoleyi siithetsedwa m'sabata imodzi, ndipo sindikhulupirira kuti mlendo anapemphedwa kuithetsa. Chimene chili m'manja mwake n'chaching'ono. Pa masiku asanu ndi awiri angapatule madzulo amodzi osathamangira malo khumi, n'kukhala pamalo amodzi mpaka atadziwa amene anawamanga, amene analipira, ndi amene akukhalapo tsopano. Angawerenge masamba ochepa asananyamuke, kuti asakwiyire Los Negritos kapena kuvina pa mapu a mu 1960 osadziwa amene anawapereka. Ndipo pobwerera, anzake akamufunsa kuti ku Lisbon kunali bwanji, anganene kuti n'kokongola, pakuti n'zoona, kenako n'kutchulanso dzina la msewu uja.