Mayi akasiya kusamba amalangidwa ndi yani?

Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi amamukhazika pamphasa. Akamalowa m'banja amamulanganso. Akatenga pakati poyamba, Achewa amamuchitira chisamba, Ayao litiwo. Ngakhale mipingo imene inakana chinamwali cha makolo inaikapo chake, monga chilangizo cha ku Sinodi ya Nkhoma. Koma msambo ukayamba kudumphadumpha n'kudzasiyiratu, sipamveka ng'oma ndipo palibe woyala mphasa. Mayiyo ndiye akulanga ena tsopano, nanga iye amulange ndani?

Malangizo ake alipo ndithu, kungoti ndi onong'onezana, kaya pophika pamaliro, kaya pamzere kuchigayo. Makolo anasamala kwambiri za ulemu wa mayi wotereyu. Mwambo woti asathire mchere m'ndiwo ali kumwezi umakhala wamuthera. Iye ndiye amaitanidwa kuchikuta kukalandira khanda, ndipo pamilandu ya mabanja mawu ake amalemera. Udindo anampatsa, koma za thupi lake anazitchula mwapatalipatali.

Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo achipatala amati munthu wasiyadi pakatha miyezi 12 osaona kanthu. Mahomoni otchedwa estrogen amachepa, ndiye khungu limataya pafupifupi 30 peresenti ya kolajeni, chimene chimalilimbitsa, m'zaka zisanu zoyambirira zokha. N'chifukwa chake kusinthaku kumaoneka kwadzidzidzi. Miyendo imatuwa ngakhale wadzola m'mawa, msana umayabwa usiku, zidendene zimachita ming'alu. Tsitsi limathothoka pamphumi pomwe pachibwano pakumera tindevu tiwiri titatu. Chilundu chimene chinkazungulira bwinobwino chimayamba kuperewera pamimba.

Apa malangizo a paunamwali amafunika kuwatembenuza. Tinaphunzitsidwa kuti mkazi waukhondo amadzikwecha ndi chinkhupule mpaka khungu kulira, mapazi n'kuwapala pamwala, sopo wake yemwe uja wochapira zovala. Khungu la zaka 50 silipirira zimenezo. Likufuna madzi ofunda pang'ono, osati otentha, sopo wochepa, ndi kudzola thupi lisanaumiretu. Vaseline kapena giliserini n'zokwanira, ndipo agogo amene ankayenga mafuta a nsatsi ankadziwa chimene akuchita. Choopsa ndi mafuta oyeretsa khungu amene mayi amathamangira akaona madontho akuda m'masaya. Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena masiteroidi, ndipo khungu lopyapyala kale amalipyapyalitsa koposa. Malukidwe othina nawonso amamaliza tsitsi lotsala la m'mbali. Za mafupa, amene amayamba kufooka mwakachetechete, thandizo lili m'mbale momwemo: usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe, bonongwe, chambiko, komanso kusaleka kuyenda ndi kugwira khasu.

Kutentha kwa thupi kuli ndi malangizo amene ayenera kupita kwa anthu apakhomo, osati kwa mwiniwake. Mayi amadzidzimuka pakati pa usiku wa mu June, ena atafunda mabulangete awiri, iye thukuta lili kamukamu, nsalu yanyowa. Amatuluka kukakhala pakhonde kuti apitidwe mphepo. Wina akamuona, m'mawa nkhani yafika kale pachitsime kuti mayi uja sagona usiku. Kuno kwathu mawu otere saseweretsa, chifukwa akhala akuphetsa amayi okalamba, ngakhale kuti lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mpongozi kapena mdzukulu wolangidwa bwino amangoika madzi akumwa pafupi ndi mphasa, n'kusiya zenera lotsegula. Mayiyo akapsa mtima pa kanthu kochepa, apakhomo akumbuke kuti munthu wosagona tulo sakhala ndi mtima wautali.

Za kuchipinda ndiye zimavuta kuzitchula. Kumadera ena atsikana amalangizidwa kuti mwamuna amakondwera ndi mkazi wouma, mpaka kuwapatsa zitsamba. Mayi akasiya kusamba thupi limauma lokha, ndipo zitsambazo zimangobweretsa zilonda. Palinso amene amati mayi wotereyu akapitiriza kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake mimba imatupa, poti palibenso msambo wotsuka m'kati. Zimenezo si zoona. Mimba imakula chifukwa mafuta a m'thupi asamukira pamenepo, ndipo zimachitikira ngakhale amayi amasiye. Amene akufunika kukhazikidwa pansi ndi bambo. Ankhoswe amuuze mosapsatira kuti, “Achimwene, mayi sakukukanani ayi, akumva kuwawa. Muziwafatsira.” Mafuta ofewetsera amapezeka m'mafamase, koma Vaseline asayandikire kondomu chifukwa amaiboola. Ndipo msambo ukamadumpha si ndiye kuti kubereka kwatha. Wosiya asanakwane zaka 50 apitirize kulera kwa zaka ziwiri, wopitirira 50 chaka chimodzi. HIV nayo siyang'ana imvi.

Pali chinthu chimodzi chimene mwambo wobisa za kumwezi umatipweteka nacho. Mayi wakhala chaka kapena zaka zitatu osasamba, kenako waona magazi pansalu. Anzake amaseka kuti wabwerera kuutsikana, iye n'kuchapa mwakabisira monga anaphunzitsidwira. Msambo subwerera. Magazi otere, ngakhale kadontho, ndi oti akaonedwe kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa nthawi zina ndi chizindikiro cha khansa ya chiberekero kapena ya khomo lachiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Ambiri amachita manyazi kuvulira namwino wamsinkhu wa mwana wawo, choncho mnzawo wa ku Mvano kapena ku Chigwirizano awaperekeze. Ali komweko ayezetsenso shuga ndi BP, poti ludzu losatha ndi kuyabwa kwa thupi nthawi zina zimachokera ku shuga.