CIGOBA COPANDA MWINI

Abale okondedwa mwa Ambuye, inu a kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, m'dziko la Chadiza, tiyeni tiphunzire nzeru kwa nkhono.

Caka ca 1899, munthu wina wophunzira wa ku British Museum ku London, dzina lace Edgar Smith, anasindikiza mau ofotokoza zigoba za nkhono za kumtunda zotoledwa ku Nyasaland, ndilo dziko la anansi athu limene lero lichedwa Malawi. Pamodzi ndi mauwo panali zithunzi zolembedwa ndi manja. Zigoba zina zinali zocepa koposa njere ya cimanga, koma wolemba zithunziyo anaonetsa mapindidwe ace onse, timizere tace, ndi timano ta pakamwa pace. Nchito yokoma ndithu! Koma taonani, cimene anacilemba ndico nyumba yokha. Mwini nyumbayo anali atafa kale, asanaoloke nyanja.

Inu mudziwa makhalidwe a nkhono. Pa malimwe ibisala pansi pa masamba kapena m'nthaka, nitseka pakhomo pace ndi malobvu ouma, nikhala cete. Mwezi wa Okutobala mukaona zigoba ziwiri ziri gone m'munda, simudziwa msanga cimene ciri ndi moyo. Koma mvula yoyamba ikagwa, cina citulutsa tinyanga tace, niciyamba kuyenda. Cinzace cingodzala matope.

Momwemonso mu Eklesia. Dzina lolembedwa m'buku la ubatizo ndilo cigoba. Cobvala ca Sabata ndico cigoba, ndi mpando wathu wa m'chalichi womwe. Zonsezi nzabwino, pakuti nkhono yopanda cigoba siikhalitsa padzuwa. Koma Mulungu anauza Samueli kuti Iye sapenya monga apenya munthu. Maso ace afika mumtima (1 Samueli 16:7).

Mvula yotiyesa idzagwa ndithu caka cino. Kwa wina idzakhala nthenda ya mwana, pamene abale adzati, tiyeni kukaombeza. Kwa wina idzakhala njala, pamene wamasiye adzaima pa nkhokwe yace. Kwa wina mlandu wa malire a munda. Pamenepo padzadziwika ngati m'nyumbamo muli munthu.

Mbale, mlongo, musadikire tsikulo. Gogodani lero pa cigoba canu, nimumve ngati wina abvomera. Mukapeza muli zii, pemphani Iye amene apatsa moyo, pakuti sakaniza wopempha. Amen.