Mfundo yolakwika imasulidwe kaye



Pamene mukuwerenga izi pa foni, m'maselo a thupi lanu muli ntchito imene simukuiona. Puloteni iliyonse imayamba ngati chingwe cha ma amino acid, ndipo nthawi zambiri siigwira ntchito mpaka itapindika bwino. Ambiri mwa mapuloteni amene selo imatulutsa kunja amamangidwanso timfundo totchedwa disulfide, pomwe ma cysteine awiri amagwirana. Zimenezi zimachitikira m'chigawo cha selo chotchedwa endoplasmic reticulum. Insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, ili ndi ma amino acid 51 ndi timfundo titatu totere. Tikamangika polakwika, insulin ija ntchito yake yatha.

Christian Anfinsen wa ku America, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1972, anafufuza zimenezi pa puloteni ya ribonuclease. Ili ndi ma cysteine 8, amene angagwirane awiriawiri m'njira 105, koma yolondola ndi imodzi basi. Ataisokoneza, timfundo tinamangika chisawawa, mphamvu yake n'kutsala pang'ono kutheratu. Kenako anathiramo pang'ono chabe kamolekyu kakang'ono, mercaptoethanol. Kanamasula timfundo tolakwika tija, puloteni n'kupindikanso mmene iyenera kukhalira.

M'selo mwathu, Allah anaikamo glutathione. Ndi ya ma amino acid atatu okha, koma imathandiza enzyme yotchedwa PDI kumasula zimene zamangika molakwika kuti zimangidwenso bwino. Subhanallah!

Ndiye taonani, anzanga. Puloteni yosokonekera ija inali ndi timfundo tonse tinayi, palibe kanasowa. Vuto linali poti tinamangidwa pamalo olakwika. Ifenso timatero eti? Swala tikuswali, Ramadan tikumanga, koma ndalama ya mnzathu sitinabweze, mayi athu tinawayankha mwano sitinapepese, kubetcha pa foni sitinasiye. Timangowonjezera zabwino pamwamba pa mfundo yolakwika, n'kumadabwa kuti mtima sukukhazikika.

Tauba imayamba ndi kumasula. Ndipo chomasulira nthawi zambiri chimakhala chaching'ono: istighfar yochokera pansi pa mtima, uthenga umodzi wopepesa, kubweza kangongole kaja, kumvera mnzako amene wakudzudzula pambali.

Usiku uno musanagone, dzifunseni kuti ndi mfundo iti imene mukuiopa kuigwira. Yambani ndi imeneyo.

Allah atikhululukire, atipatse mphamvu zokonza pamene tinalakwitsa. Ameen.