Kodi Dokotala Angagonetse Munthu Amene Akutsirizika?

Alipo matenda ena, monga khansa imene yamwazikira thupi lonse, amene pa masiku omaliza amadzetsa ululu, kubanika ndi kubwebweta kosamva mankhwala. Ngakhale morphine nthawi zina amalephera. Zikafika pamenepo, dokotala angathe kupatsa wodwalayo mankhwala ogonetsa, kawirikawiri midazolam, kuti asamvenso zowawazo. Ena amagona nkudzuka, ena sadzukanso kufikira imfa. Pa nkhani imeneyi madokotala samvana, ndipo ife amene timadwazika abale athu tiyenera kudziwa chifukwa chake.

Madokotala ena amachita mantha. Iwo amati kulanda munthu nzeru zake kufikira imfa sikusiyana kwenikweni ndi kumupha pang'onopang'ono, makamaka ngati aleka kumpatsa madzi. Ena amati kungopenyerera munthu akubuula pamene mankhwala ali m'kabati ndiyo nkhanza yoposa. Ambiri sakayika kugonetsa munthu wobanika, koma amazengereza ngati chomsautsa chili nkhawa kapena kutaya mtima. Ku France, lamulo la Claeys ndi Leonetti la mu 2016 lidapatsa odwala amene ali pafupi kufa ufulu wopempha tulo totere.

Eklezia adayankha kale. Pa 24 February 1957 Papa Pius XII adaphunzitsa kuti nkololedwa kuchotsa ululu ndi mankhwala ogonetsa, ngakhale moyo utafupikirako, ngati palibenso njira ina, ndiponso ngati tuloto sitilepheretsa wodwala kukwaniritsa udindo wake kwa Mulungu ndi kwa anthu. Kalata ya ku Vatican yotchedwa Samaritanus Bonus, ya mu 2020, idabwereza chiphunzitsochi niwonjeza kuti wodwala avomere yekha ngati angathe, ndipo cholinga chisakhale kupha.

Nanga cholinga cha mumtima tingachione bwanji? Chimaonekera pa muyeso. Wofuna kuchotsa ululu amayamba ndi mankhwala ochepa, namawonjeza pang'onopang'ono, ndipo wodwala akapeza mpumulo iye amalekera pomwepo. Wofuna kupha sakhutira kufikira mpweya utaleka.

Komabe mantha a madokotala aja tisawapeputse, pakuti tulo timeneti timatenga chinthu chosabwezeka. Tonse tidziwa kulemera kwa mau omaliza a munthu: kutsazika ana, kukhululukira mbale amene adakangana naye, kuulula za ngongole, kulapa machimo. Womgonetsa msanga amlanda zonsezi. Ndipo munthu amene akulira chifukwa cha mantha kapena kusungulumwa ayenera kuyamba wapeza womumvera, asanapatsidwe jakisoni.

Tsono ntchito ina ili ndi ife. Tiyeni tikambirane ndi wodwala wathu nzeru zake zikali bwino, timve kufuna kwake. Tiitane wansembe nthawi ikalipo, kuti wodwalayo alape, adzozedwe ndi kulandira Ukaristia, kamba wa pa ulendo, akuzindikira. Kwa dokotala tifunse mwaulemu: kodi njira zina zonse zalephereka? Kodi mbale wathu angadzutsidwe kanthawi kuti alankhule nafe? Tidzifunsenso tokha ngati tikupempha tuloto kuti apumule iye, kapena kuti tipumule ife otopa ndi kudwazika.

Akagona, sadaleke kukhala mbale wathu. Tizimtembenuza, tizimnyowetsa milomo, tizimgwira dzanja ndi kunena kolona pambali pake, kufikira Mwini moyo atamuitana.