Ulendo wa Gulugufe ndi Kalasi ya Ana

Tisanakonze phunziro la ana, tiyeni tisinkhesinkhe za gulugufe wa ku North America wotchedwa monarch.

Gulugufeyu amaikira dzira pa tsamba la milkweed, chomera chotuluka utomoni woyera. Pakatha masiku pafupifupi 4, dziralo limaswa mbozi imene imadya masamba a chomerachi basi. Mboziyo imafundula kasanu, ndipo ulendo womaliza imasanduka chikwa chobiriwira. Pasanathe masabata awiri, m'chikwamo mumatuluka gulugufe.

Kukayamba kuzizira, agulugufewa amauluka kuchokera ku Canada ndi United States mpaka ku mapiri a Michoacán ku Mexico, ena makilomita oposa 4,000. Pobwerera palibe amene amamaliza ulendo wonse. Amaikira mazira m'njira n'kufa, ana ndi adzukulu awo n'kupitiriza. Kumene mankhwala ophera udzu atha milkweed, mbadwo wotsatira umasowa chakudya.

'Abdu'l-Bahá anatiphunzitsa kuti zolengedwa zonse n'zolumikizana, ndiponso kuti tizolowetse ana kuchitira chifundo nyama akadali aang'ono. Mwana amene wayang'anira mbozi mpaka kuiona ikuuluka sangaiponde mwachisawawa.

Nafenso tili pa ulendo wotere. Umodzi wa anthu onse umene Bahá'u'lláh analengeza sitidzauona wonse ife. Adzapitiriza ndi ana amene timakhala nawo m'kalasi, ndipo pemphero ndi khalidwe labwino zimene tikuwaphunzitsa ndiye tsamba lawo.

Tikambirane: tikalephera kutsegula kalasi ya ana m'mudzi mwathu, mbadwo ukubwerawu udzadya chiyani?